NTHENDA YA SITIROKO PAKATI PA ACIKULIRE A KU CHINA

(Nkhani ya za umoyo, monga inakambidwa pa wailesi m'Cinyanja)

 Lero ndifuna kukamba nanu za nthenda imene ambiri a inu munaionapo ndi maso anu. Munthu wamkulu adzuka m'mamawa ali bwino, asamba, akhala pansi kuti amwe tiyi. Mwadzidzidzi kapu igwa m'dzanja lace, pakamwa pace papotoka, ndipo pofuna kuitana mkazi wace mau satuluka bwino. Pofika madzulo mbali imodzi ya thupi lace yafa. Ena amati munthuyo wafa ziwalo, ndipo ku cipatala nthendayi amaicha sitiroko.

Nkhani yathu itipereka kutali, ku dziko la China. Dzikoli siliri lacilendo kwa ife, pakuti anthu ace ndiwo anamanga njanji ya TAZARA pakati pa 1970 ndi 1975, ndipo ena a inu mumagwira nao nchito pa migodi ya Chambishi ndi Luanshya. Koma cifukwa cacikulu cosankhira China ndi ici: palibe dziko lina pansi pano limene liri ndi odwala sitiroko oculuka monga ilo, ndipo madokotala ace akhala zaka zambiri alikuwerenga odwala ndi kufufuza magwero a nthendayi mosamala. Zimene anapeza ziyenera kumvedwa ndi munthu ali yense amene wapitirira zaka 40.

Kodi sitiroko n'ciani?

Inu ogwira nchito pansi pa mgodi mudziwa bwino za pampu ndi mapaipi. Pampu ikankha madzi, mapaipi awapereka kumene afunika. Paipi ingaonongeke mwa njira ziwiri: ingatsekeke ndi matope ndi dzimbiri, kapena ingaphulike cifukwa madzi alikukankhidwa ndi mphamvu yopitirira muyeso. M'thupi mwathu pampu ndiyo mtima, ndipo mapaipi ndiyo mitsempha ya mwazi. Ubongo, umene ulamulira manja, miyendo, lilime ndi maganizo, sungathe kukhala wopanda mwazi ngakhale kwa mphindi zowerengeka. Mtsempha wa mu ubongo ukatsekeka ndi mafuta kapena ndi cibuma ca mwazi woundana, mbali ya ubongo imene mtsemphawo unali kudyetsa iyamba kufa. Mtsempha ukaphulika, mwazi utayikira mu ubongo ndi kuupsinja. Zonse ziwirizi ndizo sitiroko.

Mbali ya kumanzere ya ubongo ilamulira mbali ya kumanja ya thupi, ndipo ya kumanja ilamulira ya kumanzere. N'cifukwa cace munthu amafa mbali imodzi yokha. Mwa anthu ambiri malo a kulankhula ali kumanzere kwa ubongo, kotero kuti amene wafa dzanja lamanja kawiri-kawiri amabvutikanso kulankhula.

Anthu a ku China amaicha nthendayi zhongfeng, ndiko kunena kuti kukanthidwa ndi mphepo. Makolo ao, poona munthu agwa pansi wopanda bala, anaganiza kuti mphepo yoipa yamlowa m'thupi. Tisawaseke ai, pakuti nafenso poona zotere timafulumira kunena kuti munthu wamlodza. Dzinalo lakhalabe, koma cimene cimakantha munthu tsopano cidziwika.

Kuculuka kwa odwala

Pa kalembera wa caka ca 2020 dziko la China linapezeka ndi anthu oposa mamiliyoni 1,400, ndipo mwa iwo mamiliyoni 264 anali a zaka 60 kapena kuposerapo. M'caka comweco madokotala anayesa anthu oposa 670,000 a zaka 40 ndi kuposerapo m'zigawo 31 za dzikolo. Anapeza kuti mwa anthu 1,000 ali onse a msinkhu umenewu, 26 anali atagwidwapo ndi sitiroko. Powerengera dziko lonse, ciwerengero cinafika pa mamiliyoni 17.8. Kuti mumvetse kukula kwace, kumbukirani kuti tonse a m'Zambia, ana ndi akulu omwe, tinali mamiliyoni 19.6 pa kalembera wa 2022. M'caka cimodzi comweco ca 2020 anthu mamiliyoni 3.4 anagwidwa ndi nthendayi kwa nthawi yoyamba, ndipo mamiliyoni 2.3 anafa nayo. Ndiko kunena maliro oposa 6,000 tsiku liri lonse.

Kafukufuku wina wamkulu anacitika mu 2013, pamene anthu oposa 480,000 anafunsidwa ndi kuyesedwa m'malo 155 a m'mizinda ndi m'midzi. Iye anaonetsa zinthu zitatu zofunika. Coyamba, amuna amagwidwa koposa akazi. Caciwiri, nthendayi inali itaculuka m'midzi kuposa m'mizinda, ngakhale kale anthu anali kuiyesa nthenda ya olemera. Cacitatu, mwa odwala atsopano 100, pafupi-fupi 70 anali a mtsempha wotsekeka ndipo pafupi-fupi 24 anali a mtsempha wophulikira m'kati mwa ubongo. Ku Ulaya ndi ku America a mtsempha wophulika amakhala 10 kufikira 15 okha mwa 100. Kusiyanaku n'kwakukulu, pakuti mtsempha wophulika umapha anthu ambiri koposa wotsekeka.

Mu 2018 akatswiri anayerekeza maiko onse a dziko lapansi pa funso ili: mwa anthu amene afika zaka 25, ndi angati adzagwidwa ndi sitiroko asanafe? Pa dziko lonse lapansi yankho linali munthu mmodzi mwa anai. Ku China linali pafupi-fupi anthu awiri mwa asanu, ndipo panalibe dziko lina loposa pamenepo.

Kumpoto ndi kum'mwera

Nthendayi siinagawike mofanana m'dzikomo. Kafukufuku wa 2013 anaonetsa kuti odwala atsopano ndi imfa zinaculuka koposa m'zigawo za kumpoto ca kum'mawa, monga Heilongjiang, Jilin ndi Liaoning, ndipo imfa zinacepa koposa kum'mwera. Kumpotoko mwa anthu 100,000 anafa nayo 159 pa caka, pamene kum'mwera anafa 65.

Zigawo za kumpotozo n'zozizira koopsya. Mu mzinda wa Harbin mtsinje umauma kukhala ngati mwala kwa miyezi ingapo, ndipo anthu amayenda pamwamba pace. M'nyengo yotere simumera ndiwo m'munda. Cotero kuyambira kale anthu anaphunzira kusunga kabici ndi ndiwo zina m'mitsuko ya mcere, kuti adye kufikira dzinja lao litatha. Lilime lozolowera mcere kuyambira ubwana silikhutira ndi wocepa. Kuzizira nakonso kumafinya mitsempha ndi kukweza mphamvu ya mwazi, ndipo kumasunga anthu m'nyumba momwe muli utsi wa malasha ndi wa fodya.

Mdani woyamba: kuthamanga kwa mwazi

Mwa zonse zobweretsa sitiroko, cacikulu ndico kuthamanga kwa mwazi, kumene ambiri amangoti BP. Mwa anthu 100 amene anapezeka ndi sitiroko mu 2013, oposa 80 anali ndi bvuto limeneli. Munthu akayesedwa pa mkono, makina amaonetsa manambala awiri. Ngati nambala ya pamwamba ifika 140 kapena kuposa, kaya ya pansi ifika 90 kapena kuposa, ndipo zikhala comweco pa masiku osiyana, munthuyo ali nako kuthamanga kwa mwazi. Mphamvu yopitirira imeneyi imakalipitsa zikopa za m'kati mwa mitsempha caka ndi caka, kufikira tsiku limene umodzi utsekeka kapena uphulika.

Kuipa kwace n'kwakuti sikumveka kupweteka. Akulu anati cakudza siciimba ng'oma. Munthu angakhale nako zaka khumi, alikulima ndi kunyamula katundu, osadziwa kanthu. Mu 2017 madokotala anafalitsa zimene anapeza poyesa anthu mamiliyoni 1.7 a zaka 35 kufikira 75 m'China monse. Pafupi-fupi 45 mwa 100 anali ndi kuthamanga kwa mwazi. Mwa odwalawo, osafika theka ndiwo anali kudziwa kuti alikudwala. 30 okha mwa 100 anali kumwa mankhwala. Ndipo 7 okha mwa 100 ndiwo mwazi wao unali utatsikira pa muyeso woyenera. Taganizani: mwa odwala 100, anthu 93 anali kuyenda ndi paipi imene irikukankhidwa mopitirira.

Mcere

Bungwe la za umoyo la dziko lonse, World Health Organization, limalangiza kuti munthu wamkulu asadye mcere wofika magalamu 5 pa tsiku, ndiwo wosadzaza bwino supuni yaing'ono ya tiyi. Munthu wa ku China amadya oposa magalamu 10, ndiko kuwirikiza kawiri. Mcere wambiri umasunga madzi m'thupi, ndipo madziwo amaonjeza mphamvu ya mwazi m'mitsempha. Ku Ulaya mcere woculuka umabwera m'zakudya zogula m'sitolo, koma ku China woculuka umathiridwa m'nyumba momwemo pophika, pamodzi ndi msuzi wakuda wa soya ndi ndiwo za m'mitsuko zija. Buku lao lakale la mankhwala, Huangdi Neijing, lolembedwa zaka zoposa 2,000 zapitazo, linacenjeza kale za kuipa kwa mcere wambiri pa mwazi ndi mitsempha. M'masiku athu ano akulu a mizinda ina, monga Beijing, anagawira mabanja timasupuni tating'ono ta magalamu 2, kuti wophika aziyesa mcere m'malo mongotapa ndi dzanja.

Fodya ndi mowa

Ku China kuli osuta fodya oposa mamiliyoni 300. Mu 2018 theka la amuna onse anali kusuta, pamene mwa akazi 100 osuta anali awiri okha. Ndudu kumeneko ndi mphatso yaulemu, yoperekedwa kwa mlendo ndi pa maukwati, ndipo kuikana kumaoneka ngati mwano. Koma utsi wa fodya umaononga mitsempha ndi kucititsa mwazi kuundana msanga. Mkazi wosasuta amene akhala m'nyumba imodzi ndi wosuta nayenso amalandirako gawo la ngoziyo.

Za mowa pali nkhani yokondweretsa. Kwa zaka zambiri anthu anali kunena kuti kumwa pang'ono kumateteza ku sitiroko. Pakati pa 2004 ndi 2008 madokotala a ku China ndi a ku Oxford analemba anthu oposa 500,000 m'madera khumi, nayamba kutsata umoyo wao caka ndi caka. Nchito imeneyi imachedwa China Kadoorie Biobank. Tsono anthu ambiri a kum'mawa kwa Asia amabadwa ndi thupi losagwirizana ndi mowa: akamwa pang'ono nkhope ifiira, mtima ugunda, namva nseru. Otere amamwa pang'ono kapena samwa konse, osati cifukwa ca cuma kapena cipembedzo, koma cifukwa ca cibadwa. Poyerekeza amuna a cibadwa cimeneci ndi anzao, madokotala anaona mu 2019 kuti mowa ukaculuka, mphamvu ya mwazi ndi sitiroko zimakwera pamodzi nao, kuyambira pa wocepa womwe, popanda citetezo ciri conse. Mwa akazi, amene ambiri samwa, cibadwa cija sicinasinthe kanthu, ndipo ici cinatsimikiza kuti wolakwa ndi mowawo. Anawerengera kuti mwa amuna, mowa ndiwo unacititsa 8 mwa sitiroko 100 za mtsempha wotsekeka ndi 16 mwa 100 za mtsempha wophulika.

Moyo wosinthika

Zina zadza ndi cuma. Mu 1980 wodwala nthenda ya shuga sanafike munthu mmodzi mwa 100 ku China. Pofika 2013 anali 11 mwa akulu 100. Anthu amene kale anali kupita ku nchito pa njinga tsopano amakwera galimoto, nakhala pa mpando tsiku lonse, nadya nyama ndi mafuta koposa makolo ao. Kunenepa, shuga ndi mafuta oculuka m'mwazi zonse zimafulumiza kutsekeka kwa mitsempha. Palinso nthenda ya mtima wogunda mosalongosoka, imene imaumba tizibuma ta mwazi m'kati mwa mtima. Kena kakacoka, kamayenda ndi mwazi kukatseka mtsempha mu ubongo. Utsi wa malasha ndi nkhuni m'nyumba zophikira nawonso unapezeka kuti umaonjeza imfa za mtima ndi mitsempha. Koma kafukufuku wa Kadoorie uja anaonetsanso cokoma mu 2016: anthu odya zipatso zaziwisi tsiku ndi tsiku anagwidwa ndi sitiroko mocepa koposa osadya. Tsoka lace, odya comweco anali 18 okha mwa 100.

Kuyambira 2011 boma la China lakhala likuyesa anthu a zaka 40 ndi kuposerapo pa zinthu zisanu ndi zitatu: kuthamanga kwa mwazi, mafuta oculuka m'mwazi, shuga, mtima wogunda mosalongosoka, kusuta, kunenepa, kusagwiritsa thupi nchito, ndi kukhala ndi mbale amene anadwalapo sitiroko. Wopezeka ndi zitatu mwa izi amalembedwa kuti ali pa ngozi yaikulu. Inu amene mulikumvera, werengani zala zanu, muone kuti muli nazo zingati.

Palinso bvuto limene inu a ku migodi mudzalimva msanga. Anthu pafupi-fupi mamiliyoni 300 a ku China anasiya minda kukagwira nchito za malipiro, ambiri a iwo m'mizinda ya kutali, nasiya makolo okalamba kumudzi. Ndiponso kuyambira 1980 kufikira 2015 lamulo linaletsa mabanja ambiri kubala ana oposa mmodzi. Tsono nkhalamba ikagwa pansi, ndani aithamangitsire ku cipatala? Ikabwerako yopuwala, ndani aisambitse ndi kuidyetsa? Kawiri-kawiri mwana mmodzi yekhayo ayenera kusiya nchito, ndipo banja lonse lisauka. Sitiroko igwira munthu mmodzi, koma katundu wace asenza ndi onse a pa khomo.

Mayeso awiri a m'midzi

Musaganize kuti nkhaniyi ndi ya cisoni cokha. Mayeso awiri ocitika m'midzi ya China anaonetsa kuti nthendayi ingabwezedwe ndi zinthu zosadula.

Oyamba anali a mcere. Midzi 600 ya m'zigawo zisanu za kumpoto inagawidwa pawiri mwa maere. Anthu onse olowa m'mayesowo, pafupi-fupi 21,000, anali odwalapo sitiroko kapena a zaka 60 ndi kuposerapo okhala ndi kuthamanga kwa mwazi. M'midzi 300 anapitiriza kudya mcere wa masiku onse. M'midzi 300 inayo analandira mcere wosakaniza, magawo atatu mcere wamba ndi gawo limodzi mcere wa potaziyamu, umene ukoma pafupi-fupi cimodzi-modzi koma umatsitsa mphamvu ya mwazi. Patapita zaka pafupi-fupi zisanu, mu 2021, kunapezeka kuti m'midzi ya mcere wosakaniza sitiroko inacepa ndi 14 pa 100, ndipo imfa zinacepa ndi 12 pa 100. Koma ndicenjeze: mcere wa potaziyamu suyenera kwa odwala impsyo, ndipo otere sanaloledwe m'mayesowo.

Aciwiri anali a madokotala a m'midzi. Amenewa sali madokotala a sukulu zapamwamba ai. Ali olowa m'malo a aja ochedwa madokotala osabvala nsapato a m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, anthu a m'mudzi momwemo ophunzitsidwa zoyamba za cipatala. Kuyambira 2018, m'midzi 326 ya Liaoning, Shaanxi ndi Hubei, anthu pafupi-fupi 34,000 a zaka 40 ndi kuposerapo analowa m'mayeso. M'theka la midziyo madokotalawa anaphunzitsidwa kupereka mankhwala ndi kuwaonjeza pang'ono-pang'ono kufikira mwazi utatsika pansi pa 130 ndi 80. Odwala analandira mankhwala aulere kapena otsika mtengo, ndi makina oyesera mwazi kunyumba, nalangizidwa za mcere, mowa ndi kunenepa. Zitatha zaka zitatu, sitiroko m'midzi imeneyi inacepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Panalibe mankhwala atsopano kapena cipatala catsopano. Panali munthu wodziwika wa pamudzi, woyesa mkono ndi kufunsa ngati mapiritsi alikumwedwa.

Nthendayo ikafika

Ku China nambala ya lamya yoitanira ambulansi ndi 120. Mu 2016 madokotala awiri, Zhao Jing wa ku Shanghai ndi Liu Renyu wa ku Philadelphia, anasandutsa nambalayi kukhala cikumbutso ca zizindikiro. 1 ndiyo nkhope imodzi: yang'anani ngati yapotokera mbali imodzi. 2 ndiyo mikono iwiri: muuzeni aikweze, muone ngati umodzi ugwa. 0, amene m'cinenero cao amveka ngati liu lakuti kumvetsera, ndiye kulankhula: mverani ngati mau alikutuluka bwino. Cimodzi cokha mwa izi cikaoneka mwadzidzidzi, wodwala apite ku cipatala nthawi yomweyo.

Kufulumira n'kofunika cifukwa pa sitiroko yaikulu timaselo ta ubongo pafupi-fupi mamiliyoni awiri timafa mphindi iri yonse. Alipo mankhwala osungunula cibuma ca mwazi, koma amathandiza koposa akaperekedwa asanathe maola anai ndi theka kucokera pamene zizindikiro zinayamba. Ndipo dokotala sangawapereke asanajambule mutu ndi makina a CT, pakuti kwa munthu wa mtsempha wophulika mankhwala omwewo ndi imfa. Pa cifukwa comweci musampatse wodwala aspirin kunyumba. Musammwetse madzi kapena phala, popeza kumeza kumabvuta ndipo angatsamwe. Mgonekeni cam'mbali, kumbukirani ola limene zinayamba, ndipo funani galimoto. Ku China ena amataya nthawi ndi kubaya nsonga za zala ndi singano kuti mwazi woipa utuluke, monga ena kwathu amathamangira kutema mphini. Zonsezi sizitsegula mtsempha wa mu ubongo; zimangodya maola amene akadapulumutsa munthu. Ndiponso zizindikiro zikabwera ndi kutha zokha patapita mphindi zocepa, musati zapita. Limenelo ndi cenjezo lakuti yaikulu iri pafupi.

Mau otsiriza

Abale anga, zaka sitingazibweze, ndipo makolo otibala sitisankha. Koma zambiri zimene tachula ziri m'manja mwathu. Mitsempha ya munthu wa ku Harbin siisiyana ndi ya munthu wa ku Kitwe kapena ku Chipata. Ngati mwapitirira zaka 40, pitani ku kiliniki akakuyeseni mkono, ngakhale musamve kupweteka pena pali ponse. Akakupatsani mapiritsi, imwani tsiku ndi tsiku, osaleka pamene mwayamba kumva bwino, pakuti mukaleka mwazi ukweranso. Amai ophika, cepetsani mcere pang'ono-pang'ono, ndipo lilime la pa nyumba lidzazolowera m'masabata owerengeka. Ndipo inu amene mumatumiza ndalama kwa makolo kumudzi, polemba kalata kapena poimba lamya, afunseni kuti anayesedwa liti. Caona mnzako capita, mawa ciri kwa iwe.